Khothi la ku Lilongwe likufuna umboni wa munthu amene ali kuno ku Joni

Nambewe (Rosettenville): Moni nonse apagulu. Ndili ndi vuto ndikufuna nzeru, makamaka amene mumadziwako zamalamulo. Amuna anga anamwalira chaka chatha, nde nyumba imene tinamanga ku Area 36 ku Lilongwe alamu anga akuti ndi yakubanja kwawo, ati ndalama zomangira zinachokera ku fodya wa bambo awo. Chonsecho ndalama timatumiza ndife kuchokera konkuno, zina pafoni zina timapatsira thiransipota limodzi ndi malata ndi mafelemu. Nkhani ili ku High Court tsopano. Loya wanga akuti pakufunika umboni wa thiransipotayo ndi marekodi a ndalama zimene malemuwo amatumiza, koma munthuyo wakanitsitsa kupita kumudzi, anasiya kale zathiransipoti pano ndi mlonda ndipo mapepala ake anatha. Loya akuti mwina tipemphe jaji alembe letter of request kubwera kuno. Zimayenda bwanji zimenezi, alipo anazipangako?

Anti Mercy (admin): Pepani kwambiri achemwali, Mulungu akulimbitseni. A Gift muli pafupi? Nkhani yanu iyi.

Kondwani wa ku Randburg: Aaa asisi musavutike, loya wanuyo angomutumizira samani basi, akakana apolisi amunyamule. Samani sakana munthu

Gift (Braamfontein): Ndabwera anti. Pepani mayi Nambewe. Ndiyambe ndi kunena kuti ine si loya, ndimagwira ntchito mu ofesi ya maloya, mafayilo ndi amene ndimathamanga nawo kukhothi, nde zomwe ndinene mukatsimikize kwa loya wanu. A Kondwani, samani ya khothi la ku Lilongwe mphamvu yake imathera pa boda ya Dedza kapena Mwanza. Wapolisi wa ku Booysens sangamange munthu chifukwa chakuti jaji wa dziko lina wamuitana, pepalalo kwa iye lilibe ntchito. Nchifukwa chake pali letter of request. Jaji wa ku Lilongwe salamula, amapempha khothi la kuno kuti pali munthu wakutiwakuti amene ali m'dera lanu, chonde muitaneni ndi mphamvu zanu, mumulumbiritse, afunsidwe mafunso awa, zimene ayankhezo mutitumizire. Khothi la kuno likavomera ndi pamene samani imatuluka, ndipo imakhala ya South Africa, imeneyo ndiye sangaithawe.

Kondwani wa ku Randburg: Ooh nde ngati zija za a Bushiri, mboni za kuno amakangana kuti zipite ku Lilongwe kapena ziyankhule pa vidiyo

Gift (Braamfontein): Mkangano wa mboni unalipodi ndipo unafika mpaka ku High Court, koma ijayi inali nkhani ya maboma awiri kupemphana munthu, ili ndi malamulo akeake ndipo amayendetsa ndi a boma. Ya mayi Nambewe ndi civil, anthu wamba okhaokha, kuthamanga konse ndi kulipira konse ndi kwa iwo eni.

Njira zake kuno zilipo ziwiri. Yoyamba ndi ya maofesi a boma. Kalata ikasainidwa ndi jaji imadutsa ku unduna kumudzi, kubwera ku Pretoria, mpaka ifike kwa Director-General wa Department of Justice, iyeyo aitumize kwa registrar wa High Court ya dera lomwe mboni ikukhala, registrar aipereke kwa jaji. Zimenezi zili mu section 40 ya Superior Courts Act ya 2013. Jaji amasankha munthu woti akamve umboniwo, kawirikawiri majisitireti. Zikatha zolembedwazo zimabwerera njira yomweyo. Muwerenge madesiki amene fayilo ikuyenera kugonapo, mudzaona nokha kuti ndi nkhani ya miyezi. Yachiwiri ndi lamulo lakale la 1962, Foreign Courts Evidence Act. Pamenepo mumapeza loya wa kuno, iye amakapempha yekha ku High Court, kwa ife ndi ija ya pa Pritchard Street mtauni, kusonyeza kuti khothi la kunja lili ndi mlandu wa civil ndipo likufuna umboni wa munthuyu. Imeneyi imafulumira chifukwa pali munthu amene akuikankha tsiku ndi tsiku, koma mukhala mukulipira maloya awiri, wina makwacha wina marandi.

Tadala M.: Ine ndasaka pa Google pompano akuti pali Hague Convention imene imapangitsa zonsezi kukhala zophweka, simukuidziwa a Gift?

Gift (Braamfontein): Ilipo asisi, ya 1970, yotengera umboni kunja pa milandu ya civil ndi yamalonda. South Africa inalowamo mu 1997. Koma Malawi mulibe. Panganolo limagwira ntchito pakati pa maiko amene ali mkati okhaokha, nde kalata yochokera ku Lilongwe singadutse pakhomo limenelo, imadalira malamulo a kuno ndatchula aja komanso ulemu umene makhothi a maiko amapatsana. Musasokoneze ndi Hague ina ya 1961 ya apostille, chidindo chotsimikiza mapepala chija. Imeneyo Malawi ilimo kuyambira kalekale, South Africa nayo ilimo, ndipo mayiwa iwathandiza pa nkhani ya afidaviti, kutanthauza sitetimenti yolemba molumbira.

Madala Banda (Tembisa): Mwana wanga Nambewe pepa. Ine ndakhala kuno nthawi yaitali ndipo milandu ya nyumba zakumudzi ndaiona yambiri, mmodzi amakhetsa thukuta kuno wina amagona m'nyumba uko n'kuyamba kuitcha yake. Zamalamulozo a Gift afotokoza bwino koma ine ndinene za munthu. Mboni yokoka ndi chingwe ndi yoopsa. Mukamufikitsa kwa majisitireti mokakamiza ali ndi mantha komanso wakwiya, adzalumbira bwinobwino kenako funso lililonse adzati sindikukumbukira bwana, ndinanyamula katundu wa anthu ambiri bwana. Ndalama zanu zonse zija mwagula mawu akuti sindikukumbukira, ndipo pepala limenelo lipita ku Lilongwe loya wa alamu anu akaliwerenga mokweza akumwetulira. Yambani mwamva kaye chimene chikumuopsa munthuyo. Ndipo musapupulume, mlandu suola.

Gift (Braamfontein): Madala mwanena zoona pa za mboni. Koma pa kusapupulumapo ndikutsutsani pang'ono mwaulemu, chifukwa marekodi a ndalama ali ndi nthawi. Lamulo la FICA limauza mabanki ndi makampani otumiza ndalama kuti asunge marekodi zaka zosachepera 5. Zikadutsa pamenepo ena amasungabe koma mulibe pomugwira akanena kuti tinafufuta. Mayi Nambewe nyumbayo munamanga liti?

Nambewe (Rosettenville): Tinayamba maziko 2019, kufolera 2021. Ndinapitako ku kampani imene timatumizira ija, zanga anandipatsa sitetimenti koma za amuna anga anakana ati si ine mwini akaunti, ndinawaonetsa mpaka setifiketi ya imfa koma ayi ndithu

Gift (Braamfontein): Nde mwaona, za 2019 ndi 2020 zili kale pampeni. Mawa lomwe loya wanu alembere kampaniyo kalata yoti pali mlandu kukhothi, marekodi a akaunti yakutiyakuti musafufute. Imeneyo siifuna jaji, ndi kalata wamba koma imathandiza. Kukana kwawoko musakwiye nako kwambiri, pali lamulo la POPIA loteteza zinsinsi za makasitomala nde wapakauntala amaopa ntchito yake. Amafuna aone pepala la khothi, kapena pepala losonyeza kuti inu ndi amene mwapatsidwa mphamvu zoyendetsa chuma cha malemu. Mufunse loya ngati njira ya pepala la chuma cha malemuli singakhale yachidule, chifukwa mwina marekodi mutha kuwapeza osadikira letter of request, kalatayo n'kutsala ya thiransipota yekha.

Che Yusufu (Mayfair): Salaam abale. Ine ntchito ya thiransipoti ndinaigwira, Park Station, Beitbridge, Nyamapanda, Tete mpaka Zobue, nde ndikuuzeni chinthu chimodzi. Palibe thiransipota amene amayenda opanda kope. Kope lija lakuda la msana wofiira, tsamba lililonse deti pamwamba, dzina la wotumiza, nambala ya wolandira, katundu wanji, ndalama zingati, ndipo wolandira amasaina kapena timalemba nambala ya ID yake pambali. Masamba amachita kufufuma ndi thukuta ndi mafuta a dizilo koma sititaya, chifukwa munthu amatha kukuimbira patatha zaka ziwiri kuti firiji yanga sinafike. Langa la 2016 lilipobe mu sutikesi. Munthu wanuyo ngati analidi thiransipota weniweni kope ali nalo, ndipo ngati amene amalandira malatawo anali alamu anu omwewo nde kuti siginecha yawo ili mmenemo. Pakamwa atha kunena kuti waiwala koma kope siliiwala

Nambewe (Rosettenville): Che Yusufu mwandikumbutsa!! Amalandira ndi alamu omwewo pa depoti ku Lilongwe, ndipo ankasainadi, amuna anga amachita kufunsa pafoni kuti wasaina?

Gift (Braamfontein): Eee nde umboni wake ndi umenewo, kuposa ngakhale mawu apakamwa. Apa ndi pamene kalembedwe ka kalata kamafunika kusamala, ndipo ndi pamene makalata ambiri amagwera. Musalole loya alembe zoti abweretse mapepala onse okhudza katundu amene ananyamula kupita ku Malawi. Jaji wa kuno akaona choncho amati awa sakudziwa chimene akufuna, akungofuna kufwanthula m'nyumba mwa munthu kuti mwina apezamo kanthu, ndipo amatha kukana kapena kudula mbali imeneyo. Ngakhale mu pangano la 1970 lija South Africa inanena poyera kuti makalata ongofuna kufufuza mapepala mlandu usanayambe, monga amachitira ku America, siidzawagwirira ntchito. Ku England nakonso ndi chimodzimodzi, lamulo lawo la 1975 limafuna utchule pepala lenileni, ndipo House of Lords, khothi lawo lalikulu kwambiri panthawiyo, inadulapo zopempha za khothi la ku America pa mlandu wa Westinghouse chifukwa cha zomwezi. Nde kalata yanu inene kuti kope la katundu la 2019 mpaka 2021, masamba amene pali dzina la malemu kapena la mayi Nambewe. Inene dzina lonse la mboni ndi adiresi yeniyeni, osati amakhala cha ku Turffontein, chifukwa sheriff amene akapereke samani sangayende khomo ndi khomo kufunsa. Ifotokoze mwachidule mlandu ndi wa chiyani ndipo umboniwu ukugwirizana nawo bwanji. Mafunso alembedwe, kapena mitu yake ngati maloya adzafunse okha. Ndipo chimene anthu amaiwala kwambiri, wotanthauzira. Munthuyo ngati adzayankhule Chichewa kapena Chiyao zilembedwe mkalatamo, apo ayi mudzafika tsikulo aliyense wavala jekete koma womasulira palibe, deti n'kusinthidwa.

Kondwani wa ku Randburg: Koma abale zonsezi chifukwa cha munthu mmodzi wokana kukwera basi? Asisi mugulireni tikiti ya Intercape mumupatse ndi yapamwamba apite abwere, zitchipa kuposa maloya awiri

Che Yusufu (Mayfair): Achimwene simunamve kuti mapepala ake anatha? Akafika pa Beitbridge potuluka amudinda. Kupitirira masiku 30 ndi zaka 5 osaloledwa kulowanso, zinayamba 2014 zimenezi. Munthu ali ndi ana kuno, ali ndi ntchito, mukuti ataye zonsezo chifukwa cha nyumba ya eni? Ngakhale ine ndikanakana

Kondwani wa ku Randburg: Adzabwerera njira yamtchire kkkk

Anti Mercy (admin): A Kondwani zimenezo ayi pagulu pano, anthu akufa mu Limpopo muja. Tiyeni tikhale pa nkhani.

Nambewe (Rosettenville): Nde funso langa ndi lomwelo, ngakhale khothi la kuno atamuitana sadzaopa kuti akafikako amufunsa pasipoti? Ine sindikufuna kumuika munthu m'mavuto, anatithandiza zaka zonsezi sanatibereko ngakhale bulangete

Gift (Braamfontein): Mantha amenewo ndi enieni ndipo aliyense amene angamulonjeze kuti palibiretu chiopsezo akumunamiza. Chimene chilipo ndi chakuti amene akumva umboniyo ntchito yake ndi mafunso a mkalata, si wa Home Affairs, ndipo mboni kuno ili ndi ufulu wokana kuyankha funso limene lingaiike yokha pa mlandu. Koma adzafunika kudzizindikiritsa, ndipo loya wa mbali inayo akhoza kuyesa kumunyozetsa ndi nkhani yomweyo. Ndikanakhala ine ndikanamuuza apite kaye akalankhule ndi loya payekha, ku Wits Law Clinic kapena ku Lawyers for Human Rights konkuno ku Braamfontein, amve kwa munthu amene sali mbali ya mayi Nambewe.

Koma tisaiwale kuti letter of request ndi ya munthu wokana. Ngati vuto lake ndi boda yokha osati kuchitira umboniko, pali njira zopepuka. Loya wanu atha kupempha jaji wa ku Lilongwe kuti mboni iyankhule pa vidiyo ili konkuno, mu ofesi ya loya kapena malo ena amene khothi lavomereza, loya wa alamu n'kumufunsa mafunso ake pompo. Kuloleza ndi kwa jaji, nde pempho lifotokoze bwino chifukwa chake sangabwere. Sitetimenti yake yolumbira atha kusainira kwa notary, loya wotsimikiza mapepala, kenako registrar wa High Court pa Pritchard n'kuikapo apostille, masamba a kope aja n'kuwajambula n'kuwamata kumbuyo.

Tadala M.: Bwanji osangopita ku polisi, afidaviti amadinda ulere?

Gift (Braamfontein): Chidindo cha pa polisi chimagwira bwino ntchito zakuno, koma pepala lopita kukhothi la dziko lina loya wa mbali inayo adzafunsa kuti tidziwa bwanji kuti wadindayo ndi ndani, nde mufunse kaye loya wa ku Lilongwe kuti khothi lilandira chiti musanaononge ndalama. Komanso munthu wopanda mapepala mukumutuma ku polisi asisi? Chinanso, afidaviti payokha ndi yopepuka pa mlandu umene anthu akutsutsana chonchi. Alamuwo ali ndi ufulu wonena kuti tikufuna timufunse mafunso munthuyu, ndipo akapanda kupezeka jaji atha kuupatsa umboniwo mphamvu yochepa. Nchifukwa chake ndikukakamira za vidiyo.

Tadala M.: Chabwino. Ndifunseko zanga pomwepa poti zikufanana. Ife ndi zotembenuza, mlandu uli kuno, achimwene anga anagundidwa ndi galimoto ku Kempton Park anamwalira, nde pakufunika amayi anene kuti amawathandiza ndi iwowo mwezi ndi mwezi. Amayi ali ku Mzimba ndipo ndi okalamba, ulendo wa masiku awiri pa basi sangathe

Gift (Braamfontein): Pepani asisi. Yanuyo ndi yopepukirapo chifukwa amayi sakukana. Kale njira inali Rule 38 ya High Court, khothi kusankha commissioner woti akamve umboni komweko n'kubweretsa zolembedwa, ndipo ikadalipo. Koma pano vidiyo inalowa m'malamulo, section 37C ya Superior Courts Act imalola mboni ya mlandu wa civil kuyankhula pa vidiyo ngakhale ili kunja kwa dziko. Ndipotu khothi la konkuno ku Johannesburg linayamba kuloleza lamulolo lisanabwere, pa mlandu wa Uramin ndi Perie Jaji Satchwell analola mboni kuyankhula zili ku Paris ndi ku Dubai. Kwa inu chovuta si lamulo koma netiweki ndi magetsi. Musadzayese kuchitira pafoni kumudzi, amayi apite nawo ku Mzuzu mu ofesi ya loya, intaneti muiyeseretu dzulo lake, pakhale munthu wowalumbiritsa ndi womasulira Chitumbuka. Letter of request ikanafunika zikanakhala kuti mukufuna munthu wa ku Malawi amene akukana, kapena marekodi a banki ya kumeneko, pamenepo khothi la kuno ndi limene likanapempha High Court ya Malawi.

Madala Banda (Tembisa): A Gift mukutithandiza mwana wanga. Kungoti ndalama zake simunatchule, anthu asamve ngati ndi zaulere.

Gift (Braamfontein): Si zaulere madala. Kupatula maloya pali sheriff, womasulira, wojambula ndi kutaipa zonse zoyankhulidwa, ndalama ya mayendedwe a mboni, notary, DHL yotumizira mapepala enieni. Mitengo imasiyana ofesi ndi ofesi nde mufunse kotesheni yolemba musanavomere, ndipo mufunsenso ngati loya wa ku Lilongwe akufuna kubwera yekha kudzafunsa mafunso chifukwa tikiti ya ndege ndi hotela zidzakhala zanu. Mayi Nambewe muyerekeze zonsezo ndi mtengo wa nyumba. Ya ku Area 36 yofolera kale ndi yoyenera kuimenyera, koma ndaonapo anthu akufuna letter of request pa mlandu wa njinga yamoto.

Nambewe (Rosettenville): Zikomo nonse, mutu wanga wayamba kumasuka. Nde ndiuze loya zinthu zitatu eti, kalata yoti kampani isafufute, za vidiyo, ndi za kope. Koma munthuyo foni yanga sakuyankhanso chiyambire pamene ndinatchula khothi

Che Yusufu (Mayfair): Musamuimbirenso mayi, mukumuthawitsa. Nditumizireni dzina ku inbox osati pano. Ife a ntchito imeneyi timadziwana, ngati si ine wina amudziwa. Ndikamupeza sindikatchula khothi, ndikangomufunsa ngati kope lake la 2019 likadalipo, zinazo tidzakamba akakhazikika mtima. Lachisanu tikatuluka ku mzikiti ndili ndi mpata

Madala Banda (Tembisa): Ndipo alamuwo asamve za kopeli msanga, angamuimbire munthuyo kumuopseza kapena kumugula.

Gift (Braamfontein): Kubisa mpaka tsiku la mlandu sizitheka madala, malamulo a High Court ya Malawi a 2017 amafuna mbali zonse zionetsane mapepala mlandu usanamvedwe, mukabisa jaji atha kukana kulilandira. Chofunika ndi chakuti masambawo ajambulidwe ndipo sitetimenti isainidwe kaye, zikatero loya aulule nthawi yake ikakwana. Mayi Nambewe deti ya mlandu anakupatsani kale?

Nambewe (Rosettenville): Ayi, loya akuti tikadali pa zosinthana mapepala, deti sinatuluke

Gift (Braamfontein): Bwino kwambiri. Muwauze atchule nkhani ya mboni ya ku Joni pa scheduling conference pomwe, msonkhano wa jaji ndi maloya wokonza ndondomeko ya mlandu, jaji aikemo nthawi yake. Pempho la vidiyo ndi la letter of request alowetse limodzi, kuti loyambalo likakanika musadzayambirenso pamzere.